Miyezo ya Mkazi Wina

Uthenga uja unafika Lachiwiri masana, mvula yowaza ya kudziko la eni ikugwa tsiku lachitatu osakata. Kapensulo anali pa tebulo lake la pazenera, m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, atavala majuzi awiri. Dzina limeneli anamupatsa ndi malemu bambo ake, chifukwa kuyambira ali mwana sankasowa pensulo kuseri kwa khutu, ndipo linamutsatira mpaka kutsidya kwa nyanja.

Ntchito yake inali yojambula madiresi. Ankajambula kunoko n'kutumiza pa foni, ndipo kwawo, m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya azakhali ake, telala wake, Mmisiri, ankadula nsalu ndi kusoka. Panalinso mayi wina wosokerera mikanda ndi malesi, amene onse ankangomutchula kuti Wamikanda. Anthu atatu, makina awiri ndi tsamba la pa intaneti, bizinesi yonse inathera pamenepo.

Nambala imene inatumiza uthengawo inali yachilendo, yopanda chithunzi.

"Ndikufuna diresi la ukwati. Loyera, la manja aatali, lotseka pakhosi. Asoke Mmisiri ndi manja ake, wina asaligwire."

M'munsi mwake munali miyezo. Pachifuwa 36. M'chiuno 29. M'matako 41. Phewa kufika pansi 57. Mkono 23.

Kapensulo anawerenga kamodzi, n'kuwerenganso. Anadzuka, n'kutenga tepi yoyezera imene inkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Anavula majuzi aja n'kudziyeza pang'onopang'ono, akunjenjemera ndi kuzizira. Pachifuwa, m'chiuno, mkono. Panalibe ngakhale nambala imodzi yosiyana ndi thupi lake.

Analemba kuti: "Zikomo. Mkwatibwi ndi inuyo? Dzina lanu ndani, ndipo ukwati ndi wa liti?"

Yankho linabwera nthawi yomweyo, ngati munthuyo anali atalemba kale.

"Mwini wake akudziwa."

Mapaipi otenthetsa m'nyumba anagogoda katatu m'khoma, monga ankachitira madzi akamadutsa. Kapensulo anaseka yekha, atagwira pakamwa.

"Mmisiri inu," anatero. "Manyazi mpaka kugula nambala ina?"

* * *

Zaka ziwiri zinali zitadutsa akugwira ntchito limodzi, koma anali asanagwiranepo chanza. Telala woyamba atachoka, azakhali ndi amene anamupezera Mmisiri, Kapensulo ali kale kunja. Choncho ankamudziwa pa galasi la foni basi. M'mawa uliwonse Mmisiri ankatsamiritsa foni ku chitini cha ulusi kuti mwini bizinesi aone chipinda chonse: tebulo lodulira, kabati ya nsalu, ndi chidole chovekerapo madiresi chili chilili pakona, chopanda mutu.

Poyamba ankangokamba za mipendero ndi mazipi. Kenaka anayamba kufunsana ngati adya. Tsiku lina Mmisiri, mapini ali kukamwa, maso ali pa nsalu, ananena kuti, "Inu mukadula foniyi, m'chipinda muno mumada." Kapensulo sanajambule kanthu tsiku limenelo. Tsopano anali atagwirizana kuti kumapeto kwa chaka Kapensulo apita kwawo, ndipo Mmisiri anali atanena kuti ali ndi mawu amene sangadutse pa foni.

N'chifukwa chake Kapensulo anajambula diresi lija masiku awiri, ngati munthu wodzimangira nyumba yake. Lachinayi m'mawa analitumiza pamodzi ndi miyezo, n'kuimba.

Mmisiri anali pa makina. Wamikanda anali pambali, mbale ya mikanda pamiyendo.

"Mwadzuka bwanji akasitomala?" anatero Kapensulo, akudziletsa kuseka.

"Akasitomala ake ati?"

"Taonani zimene ndakutumizirani. Koma dziwani kuti ine za pakhosi potseka sindizikonda kwenikweni. Ndangotsatira poti mwalamula ndinu."

Mmisiri anapukuta manja, n'kuyandikira foni. Kapensulo anaona nkhope yake ikumwetulira pamene ankaona chojambulacho. Kenaka maso anatsikira pa manambala, ndipo kumwetulira kuja kunazima.

"Miyezoyi mwaitenga kuti?"

"Musadzipangitse, Mmisiri. Ndakugwirani."

"Ndati mwaitenga kuti?"

Anali asanamulankhulepo ndi mawu otero.

"Si inu munatumiza? Pa nambala ina? Ndi miyezo yanga imeneyo, ndadziyeza ndekha. Ine ndimayesa..."

Sanamalize. Mmisiri anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo kwake. Anatuluka osatseka chitseko. Pa galasi panangotsala tebulo, chidole chija, ndi katani yapazenera ikulowa ndi kutuluka ndi mphepo.

Kenaka nkhope ya Wamikanda inadzaza foni yonse.

Mayi ameneyu Kapensulo sankamukhulupirira. Ankabweretsera Mmisiri chakudya m'kontena tsiku lililonse, ankamuchotsa tiulusi pamapewa ngakhale pasakhale ulusi, ndipo akamati "achemwali" zinkamveka ngati akuluma mkanda.

"Achemwali, mwawatani bambowa?"

"Sindikudziwa."

"Tandionetsani." Anawerenga manambala aja milomo ikugwedezeka. Atamaliza anaika dzanja pachifuwa. "Mayo ine. Inu mwati ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Dikirani muone."

Ananyamula foni. Chipinda chinapendekeka, denga linadutsa, kenaka chitseko cha kabati ya nsalu chinalira potseguka. Mkati mwa chitsekocho, m'munsi, pamene kamera inali isanafikepo zaka ziwiri zonsezi, munali manambala olembedwa ndi choko chodulira nsalu. Ena anali atafufutika, koma munthu anali atawadutsitsanso choko kangapo. 36. 29. 41. 57. 23.

"Kabati iyi anabwera nayo kuchokera kunyumba kwawo," anatero Wamikanda monong'ona. "Salola munthu kupukuta pamenepa. Ndi miyezo ya malemu akazi awo."



"Pepanitu achemwali," anapitiriza Wamikanda, koma maso ake sankapepesa. "Ine ndimayesa anakuuzani zonse. Poti ife tili pafupi timangoona. Inu muli kutali."

* * *

Azakhali anaimba Lachisanu, dzuwa lisanafike pamutu kwawoko. Anali atakhala pa mpando wawo wapabalaza, foni ataigwira m'munsi kotero kuti Kapensulo ankaona chibwano ndi mphuno.

"Ndamva," anatero osapereka moni.

"Wakuuzani ndani, Azakhali?"

"Nyumba ndi yanga, makoma amandiuza. Mwana wa achimwene anga, ine ndinakupezera telala, sindinakupezere mwamuna. Ndinakuuza chaka chatha. Unandiyankha kuti chiyani?"

"Kuti ndi munthu wabwino."

"Wabwino, eya. Ndani wakana? Koma munthu amene analira maliro opanda mtembo, iwe ukuti ndi mbeta? Manda a mkazi wakeyo anakuonetsa?"

"Ndingaone bwanji manda ndili kuno?"

"Ngakhale ubwere suwaona. Kulibe."

Kapensulo ankadziwa kuti Mmisiri anaferedwa mkazi. Anamuuza kamodzi, mwachidule, ndipo iye sanafune kutokosa bala la mwini. Za mtembo sanamvepo.

"Mwana wa anzanga uja wa sitolo ya mankhwala akufunsabe za iwe," anatero azakhali. "Mnyamata woyera m'manja, wopanda mizimu kumbuyo kwake."

"Azakhali, munthu amene uja anandifunsa ngati kujambula madiresi ndi ntchito kapena masewera."

"Ndiye analakwa kufunsa? Tamvera. Chipinda chakuseri chija ndinakubwereka chifukwa cha bambo ako. Ukapitiriza ndi telalayu, ndiika loko, makina ako akapeze kwina kokhala. Ndipo usadzati azakhali sananene."

"Kodi uthenga umenewu mukuudziwa amene watumiza?"

Azakhali anayang'ana kumbali, ngati wina wadutsa pakhomo.

"Ine za mafoni ndimazidziwa?" anatero, n'kudula.

Masana amenewo Kapensulo anaimba nambala yachilendo ija kanayi. Inkaitana mpaka kuduka yokha. Atatopa anaika foni pansi, ndipo pomwepo panalowa uthenga wa mawu. Anautsegula.

Munalibe mawu. Munkangomveka munthu akupuma pang'onopang'ono, galimoto zikudutsa pa msewu wonyowa, ndi nsapato zikuponda m'madzi. Kenaka chapatali belu la tchalitchi linalira kawiri. Linali belu long'aluka, lomaliza ndi kaphokoso ngati chitini.

Kapensulo anaimirira n'kusuzumira pazenera. Kumapeto kwa msewu wake kunali tchalitchi chakale cha miyala yakuda, ndipo belu lake linang'aluka iye asanabwere m'dziko muno. Ankalimva ola lililonse. Wotchi ya pa foni inkati mphindi zinayi zadutsa kuchokera pa thu koloko.

Pansi, pa msewu, anthu ankadutsa ndi maambulera awo. Palibe amene anayang'ana kumwamba.

* * *

Mmisiri anaimba Loweruka m'mawa. Anali yekha m'chipinda chosokera, makina ataphimbidwa, ndevu zosameta.

"Ndinakulakwirani," anatero. "Ndinathawa ngati mwana."

"Ndaona kabati."

Mmisiri anagwedeza mutu. Anatenga sizasi, n'kuiikanso pansi.

"Tinakhala m'banja miyezi isanu ndi itatu. Kunabwera anthu olonjeza ntchito kunja. Ine ndinakana, iye anaumirira, anati zaka ziwiri zokha abwerako tidzagule makina athu. Anapita ndi gulu la anthu khumi ndi awiri. Patatha milungu isanu tinamva kuti bwato limene anakwera linagubuduzika. Wa gulu lawo sanapulumuke ndi mmodzi yemwe. Chimene chinabwera ndi kachikwama kake, munthu wina anakatola. Tinalira kachikwamako. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo."

"Ndipo diresi lake la ukwati munasoka ndinu."

"Ndine. Manja aatali, lotseka pakhosi."

Kapensulo anatseka maso. Funso limene linamuvutitsa masiku awiri linatuluka lokha.

"Inu ndi telala. Munthu mumamuyeza ndi maso. Munadziwa liti kuti thupi langa ndi lake n'chimodzimodzi?"

Mmisiri sananame, ndipo chimenecho chinapweteka koposa.

"Sabata yoyamba. Munaimirira kukatseka zenera, kamera ili chiyakire. Ndinatsala pang'ono kusiya ntchito tsiku lomwelo."

"Ndiye mukandiyang'ana mumaona ndani?"

"Poyamba ndinkaona iye. Sindikana. Ndinkadikira kuti muimirirenso." Anapukuta kumaso. "Koma iye anali wofatsa, wosayankha. Inu mumakangana nane za mpendero mpaka batire kutha. Mumajambula matumba pamalo poti dzanja la munthu silingafike, ndikakuuzani mumati dzanjalo ndiye lalakwa. Mumaseka ngati mukutsokomola. Miyezi itapita ndinazindikira kuti ndikamatsegula kabati ija ndimangofuna nsalu basi. Amene ndimamudikira m'mawa uliwonse ndi iwe, Kapensulo. Si wina."

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe. Kapensulo anafuna kukwiya, koma misozi inamutsogolera.

"Nanga choko chija mumadutsitsanso chifukwa chiyani?"

"Ndinasiya chaka chatha. Kufufuta ndiye kumandikanika. Ukabwera udzafufute ndiwe."

Mvula inkagunda zenera.

"Ndi Wamikanda," anatero Mmisiri. "Ndi yekhayo amene anaona manambala aja. Ndinamukana mwezi wathawu, ndinamuuza kuti kontena yake azidya yekha. Akubwezera."

"Inenso ndinkaganiza choncho."

"Ndiye?"

Kapensulo anafuna kumuuza za belu, koma anaona mmene Mmisiri anatopera, ndipo anameza mawuwo. Wamikanda analibe ngakhale pasipoti. Sakanaima pa msewu uno ndi foni m'manja.

"Palibe," anatero. "Diresilo mulisoke."

"Sindingathe."

"Mulisoke, Mmisiri. Tione amene adzabwere kudzalitenga."

* * *

Lamlungu mvula inakata, koma kunagwa chifunga chophimba tchalitchi ndi theka la msewu. Kapensulo anali akusongola mapensulo ake pamene belu la pakhomo la pansi linalira. Sankayembekezera munthu. Anadina batani lolankhulirana ndi munthu wa pakhomo la pansipo n'kufunsa m'chilankhulo cha eni dziko kuti ndani. Panalibe yankho, koma anamva chitseko chachikulu chikutseguka. Mwina wina wotuluka anamutsegulira.

Mapazi anayamba kukwera masitepe. Sankathamanga. Anadutsa nsanja yoyamba, yachiwiri, osaima. Pamwamba penipeni panali chitseko chimodzi chokha, chake.

Kugogoda kunali kofatsa.

"Odi."

Mawu akwawo. Zaka zitatu m'nyumba imeneyi, palibe amene anaodirapo pa chitseko chimenechi. Kapensulo anakoleka tcheni, n'kutsegula pang'ono.

Panja panaima mayi wovala chikhoti chotuwa, chachikulu kuposa thupi lake, mpango atakulunga m'khosi. Nkhope yake inali yowonda, yosafanana ndi ya Kapensulo ngakhale pang'ono. Koma maso awo anakumana pa mzere umodzi, osakweza kapena kutsitsa mutu, ndipo mapewa awo anali pamodzimodzi ngati munthu waima pa kalilole.

"Ndabwera kudzaona chithunzi cha diresi langa," anatero mayiyo.



"Ndinu ndani?"

"Mukundidziwa. Musaope, gwirani dzanjali. Ndine wamoyo."

Analowetsa dzanja pampata. Linali lozizira, lokhakhala ndi sopo wa ntchito, koma linali dzanja la munthu. Kapensulo sanadziwe kuti tcheni anachotsa nthawi yanji. Mayiyo analowa, n'kuyang'ana kachipindako, bedi, tebulo, zojambula zomata kukhoma. Anakhala pamphepete pa mpando, manja pamaondo.

"Anati munamira," anatero Kapensulo.

"Anzanga anamira. Ine anandivuula asodzi a dziko lina. Ndinakhala chaka m'chipatala ndi m'misasa, osadziwa ngakhale dzina langa bwinobwino. Nzeru zitabwerera ndinapeza munthu wakwathu, anandiuza kuti kumudzi anandilira kale. Ndinati ndiyambe ndapeza kanthu, ndisabwerere chimanjamanja munthu atandiletsa kupita. Chaka chinatha. China. Kenaka manyazi anakula kuposa ine. Munthu umayamba bwanji foni yotero? Umati moni, ndine maliro aja?"

Ankalankhula mosakweza mawu, ngati akuwerenga za munthu wina.

"Miyezi inayi yapitayo ndinaona tsamba lanu. Panali chithunzi cha manja akudula nsalu. Nkhope panalibe, koma chala chachikulu chopindika chija ndingachidziwe ngakhale pakati pa manja chikwi. Ndinaimba nambala ya kushopu. Anayankha mayi wachikulire."

Kapensulo anakhala pa mpando wina, wa patebulo lake.

"Azakhali anga?"

"Anandimvetsera mpaka kumapeto. Analira nane. Kenaka anandiuza za inu, kuti tili mumzinda umodzi, n'kundipatsa adiresi ino. Anati ndisamuuze kaye mwamuna wanga, ndiyambe ndakuonani." Anakweza maso. "Ndakhala ndikukuonani. M'basi, kusitolo ya nsalu, pa zenera ili. Ndinkafuna kudana nanu. Koma tsiku limene munatsika basi patsogolo panga, ndinaona msana wanu, ndinamvetsa. Sanandiiwale. Anangondifunafuna mpaka anandipeza mwa inu."

"Si zoona," anatero Kapensulo, koma mawu ake anatuluka aang'ono.

"Mwina. Mumamudziwa pa foni, ine ndinagona naye nyumba imodzi. Ukwati wathu sunathe, palibe anauthetsa. Mwezi wamawa ndikupita kwathu. Sindikufuna andione m'chikhoti ichi. Ndikufuna ndikamupeze atasoka yekha diresi lija, ndikalivale, tikayambire pamene tinasiyira. Mwajambula, eti? Ndionetseni."

Chojambulacho chinali pa tebulo pomwepo, poyera. Kapensulo anachiyang'ana, n'kukumbukira mmene anachijambulira akuimba, akuganiza kuti ndi lake. Asanayankhe, foni imene inali pambali pake inayaka n'kuyamba kunjenjemera pa thabwa. Pa galasi panaoneka nkhope ya Mmisiri, tepi ili m'khosi, akumwetulira m'chithunzi chakale. Ankaimba foni ya kamera.

Mayi uja anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana nkhopeyo nthawi yaitali. Kenaka anamasula mpango wa m'khosi, n'kukonza tsitsi ndi manja onse awiri, n'kudzaima kumbuyo kwa mpando wa Kapensulo.

"Yankhani," anatero. "Koma musankhe msanga. Mumuuza ndinu, kapena ndiwerame andione yekha?"